Jumbo: kwathu ndi thumba, kwa Angerezi ndi ukulu

Nabanda: Akuluakulu amene mumadziwa Chingerezi, tithandizane pa mawu awa. Mwana wa Fomu 2 akawerenga chiganizo choti "She bought a jumbo packet of rice," amamva kuti mayiyo anagula mpunga wa m'jumbo, thumba la pulasitiki lija amatiikiramo katundu pa golosale. Koma mukatsegula dikishonale mupeza kuti jumbo ndi mfotokozi, ndipo tanthauzo lake ndi chinthu chachikulu kwambiri. Mawuwa anachokera kuti? Nanga akusiyana pati ndi huge, enormous, gigantic ndi anzawo aja? Pakufunika yankho loti mwana akaligwiritse ntchito polemba, osati longoloweza.

aPhiri: Zikomo mayi, mwafunsa bwino. Tiyambe ndi tanthauzo, chifukwa kungoti "chachikulu kwambiri" sikukukwana. Jumbo amanena chinthu chomwe chaposa zinzake za mtundu womwewo, makamaka zinthu zomwe zimagulitsidwa m'masaizi. Pali paketi yaing'ono, yapakati, yaikulu, ndiye pamwamba pa zonsezi pali jumbo. N'chifukwa chake dzira la magalamu 70 okha limatchedwa jumbo egg, koma phiri la Mulanje, ndi kukula kwake konse kuja, palibe Mngerezi anganene kuti jumbo mountain. Dzira likuyerekezedwa ndi mazira anzake pa thireyi. Phiri silikhala pa shelefu ya sitolo.

Pomwe ana amalakwitsa kwambiri ndi malo ake m'chiganizo. Mfotokozi ameneyu amakhala kutsogolo kwa dzina: jumbo pack, jumbo sausage, jumbo crayons. Akaikidwa pambuyo pa is kapena was samveka bwino. "Our classroom is jumbo" n'chiganizo choti mwini chilankhulo amva, koma adziwa kuti walemba ndi mlendo. Mukafuna kutero, nenani "jumbo-sized" kapena sinthani mawu muike huge. Komanso salandira very, more, kapena most. Kulibe jumboer, kulibe very jumbo.

Ndipo ndi mawu a malonda ndi a kucheza. M'kalata yofunsira ntchito kapena m'chimangirizo cha mayeso a MSCE, mwana asalembe "a jumbo problem." Alembe "a serious problem" kapena "an enormous problem."

Mwale: Za chiyambi chake n'zosavuta: ndi dzina la njovu. Jumbo inali njovu yaimuna ya ku Africa, yobadwa cha m'ma 1860 kumadera a m'malire a Sudan. Alenje anapha mayi ake, kamwanako n'kugulitsidwa kwa ochita malonda a nyama zamoyo mpaka kukafika ku malo oonetsera nyama a Jardin des Plantes ku Paris. Mu 1865 inasamutsidwira ku London Zoo, kumene inkasamalidwa ndi Matthew Scott ndipo kwa zaka zambiri inkabereka ana pamsana. Mu 1882 malowa anaigulitsa kwa P. T. Barnum, mwini masewero oyendayenda a ku America, pa mtengo wa mapaundi 2,000, omwe anali madola 10,000. Ku England kunabuka mkwiyo, nyuzipepala zinalemba tsiku ndi tsiku, ana analemba makalata odandaula kwa Mfumukazi Victoria. Barnum anakondwa nalo phokosolo chifukwa linali kulengeza kwaulere. Pomwe njovu inkatsika sitima ku New York mu Epulo 1882, dzina lake linali kale pakamwa pa aliyense, ndipo amalonda anayamba kulilemba pa chilichonse chomwe ankafuna kuti chioneke chachikulu.

Nachisale: aMwale mwafotokoza bwino, koma ndikonzeko pamodzi. Njovu ndi imene inapatsa mawuwa tanthauzo la ukulu ndi kuwafalitsa, koma siyinawalenge. Analipo kale m'Chingerezi cha mumsewu. Mu dikishonale ya mawu a mumsewu ya mu 1823 jumbo ndi munthu wojintcha, wolemera poyenda, wosachangamuka. Ndiye n'kutheka ndithu kuti amene anatcha njovuyo anangotola mawu omwe analipo kale ku London.

Kusiyana kwake n'kofunika. Chisanafike 1882 mawuwa anali dzina, ndiponso lonyoza. Itadutsa 1882 anasanduka mfotokozi woyamikira, woti wogula amve kuti akupeza zambiri. Koma kunyoza kuja sikunatheretu. Mpaka lero kumutcha munthu wonenepa kuti Jumbo ndi chipongwe. Ana auzidwe zimenezi momveka, asadzaganize kuti akumutama mnzawo.

Mwale: Nanga za Chiswahili zija? Mabuku ambiri amati dzinali linachokera ku jambo, moni wa Chiswahili.

Nachisale: Maganizo omwe amabwerabwera ndi atatu kapena anayi. Ena amati jambo, ena amati jumbe, kutanthauza mfumu pa Chiswahili, ena amaloza nzamba, mawu a Chikongo otanthauza njovu, ena amakhala pa mawu a mumsewu a 1823 aja. Jumbe ameneyu ife timamudziwa bwino: ndi udindo womwe ankatchulidwa nawo Salim bin Abdullah ndi omulowa m'malo ku Nkhotakota kuyambira m'ma 1840, amene ankachita malonda a minyanga ndi akapolo. Koma kufanana kwa mamvekedwe si umboni. Njovuyi inachokera kudera lomwe anthu salankhula Chiswahili, ndipo inadzera ku Paris. Pa maganizo onsewa, lomwe lili ndi cholembedwa chakale chooneka ndi maso ndi la 1823. Mwana akalifunsa, muuzeni limenelo poyamba, enawo muwatchule ngati zomwe anthu ena amaganiza.

Pali mawu enanso omwe amasokoneza: mumbo jumbo. Amenewa analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1700 kudzera mwa alendo omwe anayenda kumadzulo kwa Africa pakati pa Amandinka, ndipo lero amatanthauza zolankhula zopanda mutu, zongosokoneza. Sakhudzana ndi kukula. "Legal mumbo jumbo" si malamulo akuluakulu, ndi chilankhulo cha maloya chomwe munthu wamba satolapo kanthu.

aPhiri: Nkhani ya jambo ija ikutibweretsa pa katchulidwe, ndipo apa tcherani khutu. U wa mu jumbo pa Chingerezi si u wathu wa mu "mutu." Ndi liwu lomwe lili mu cup, bus, ndi cut, lomwe m'makutu mwathu limamveka ngati a wamfupi. Onani momwe makolo athu anabwerekera mawu omwe anawamva ndi khutu: cup inakhala kapu, bus inakhala basi. Mngerezi akamatchula jumbo mumamva ngati "jambou," mphamvu ili pa phatikizo loyamba. Ife timati ju-mbo ndi u weniweni, zomwe mwina zikusonyeza kuti mawuwa tinawatola pa zolembedwa, osati pakamwa pa Mngerezi. Pophunzitsa, lembani pa bolodi jump, jungle, jumbo, ana atchule motsatizana. Akagwira jump agwira onse.

Chisomo: Bambo Mwale, kodi njovuyo inalidi yaikulu kuposa zonse?

Mwale: Ayi mwanawe, Barnum ankakokomeza. Iye ankalengeza msinkhu wa pafupifupi mamita 4, koma poyeza mafupa ake zinapezeka kuti inali cha pa mamita 3.2 kufika paphewa, ndipo inkalemera matani opitirira 6. Umenewo ndi msinkhu wa nkhalamba yaimuna ya kutchire. Chodabwitsa chinali chakuti inafika pamenepo ikadali ndi zaka 24 zokha, pamene njovu yaimuna imakulabe mpaka zaka za m'ma 40. Ndipo anthu a ku Ulaya ndi ku America anazolowera njovu za ku Asia, zomwe ndi zocheperapo, ndiye ya ku Africa inkawaonekera ngati chimphona.

Mu Meyi 1884 Barnum anaiyendetsa pa mlatho wa Brooklyn Bridge ku New York pamodzi ndi njovu zina 20, pofuna kuonetsa anthu kuti mlatho watsopanowo ndi wolimba. Inafa pa 15 Seputembala 1885 ku St. Thomas, Ontario, m'dziko la Canada, itagundidwa ndi sitima ya katundu pamene ankaibwezera m'ngolo yake masewero atatha. Mafupa ake anapita ku American Museum of Natural History ku New York. Chikopa anachifutika udzu n'kuchipereka ku Tufts College, komwe chinapsa ndi moto mu 1975, koma mpaka lero matimu a masewero a sukuluyo amatchedwa Jumbos. Chomvetsa chisoni n'chakuti mano ake a m'mbali anapezeka opunduka, chifukwa cha zakudya zofewa ndi zotsekemera zomwe inkapatsidwa m'malo mwa udzu ndi makungwa. Ukali womwe inkachita usiku ku London, mpaka kuphwanya khola, ndi umene unachititsa kuti aigulitse.

aGama: Ine ndilankhulepo za malonda, chifukwa apa ndi pamene kusokonezeka kwa mawuwa kumadya ndalama. Munthu wa bizinesi akalembera wogulitsa wa ku Johannesburg, Dubai kapena Guangzhou kuti "I need 500 jumbo bags," iye m'mutu mwake muli majumbo a pa golosale. Wogulitsayo amva chinthu china. Pa malonda a dziko lonse jumbo bag ndi chithumba cholukidwa ndi ulusi wa pulasitiki wotchedwa polypropylene, chomwe ena amati bulk bag kapena FIBC. Chimakhala cha makona anayi, kawirikawiri masentimita 90 mbali iyi, 90 mbali inayo, msinkhu wopitirira pang'ono mita, ndipo chili ndi zogwirira zinayi m'makona zokolekera ku forklift, kagalimoto ka mano awiri konyamulira katundu wolemera. Chimanyamula makilogalamu pakati pa 500 ndi 2,000, koma chofala ndi cha tani imodzi. Tani imodzi ndi matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Ndiye amene amafuna timatumba toikamo tomato amalandira mtengo wa zithumba zonyamulira feteleza, simenti ndi miyala ya m'migodi.

Ngati mukufunadi zimenezo, pali zoti muone pa chizindikiro chosokeredwa pambali. Choyamba ndi SWL, kulemera komwe thumbalo limaloledwa kunyamula. Chachiwiri ndi nambala yolembedwa 5:1 kapena 6:1. La 5:1 ndi la ulendo umodzi, mukakhuthula lathera pomwepo. La 6:1 ndi lomwe linapangidwa kuti libwerezedwe. Ngozi zambiri zimachitika pa zifukwa zodziwika: kubwereza la ulendo umodzi, kunyamula ndi zogwirira ziwiri m'malo mwa zonse zinayi, mano a forklift okhala ndi m'mphepete mwakuthwa omwe amacheka zogwirira, ndi kulisiya padzuwa miyezi. Dzuwa limafoola polypropylene, thumba limaoneka labwinobwino koma ulusi wafumbwa, mukangokweza limang'ambika pansi. Munthu asaime pansi pa thumba lokwezedwa ngakhale kwa kamphindi.

Ngati mukufuna majumbo athuwa, lembani "plastic carrier bags." Ku Britain amati carrier bag, ku America plastic bag kapena grocery bag, ndipo opanga amawatcha vest carriers kapena T-shirt bags chifukwa zogwirira zake zimaoneka ngati vesiti. Tchulani m'lifupi, m'litali, ndi kukhuthala kwake m'ma micron (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi). Kumbukirani kuti malamulo a mu 2015 analetsa mapulasitiki opyapyala ochepera ma micron 60 m'Malawi muno, ndipo Khoti la Suprimu linagamula mu 2019 kuti chiletsocho chiyime.

Nabanda: Zikomo aGama, zimenezi n'zoti ana a bizinesi azimve. Chomwe chikundisangalatsa n'chakuti ife timatha kunena "kajumbo ka shuga" kapena "timajumbo ta mafuta ophikira." Ndiye kuti pa Chichewa ukulu uja unachokamo.

Nachisale: Unachokeratu. Kwa ife jumbo ndi dzina basi, ndipo limatsata malamulo athu: jumbo, majumbo, kajumbo, timajumbo, chijumbo. Kajumbo pa Chingerezi n'zosatheka, chifukwa zili ngati kunena kuti kanthu kakang'ono kakakulu. Koma pa Chichewa si kulakwitsa, ndipo aphunzitsi asamawadzudzule ana pa zimenezo. Mawu akabwerekedwa amakhala a wobwereka. Abale athu okhala ku South Africa akudziwa kuti kumalokeshoni thumba lomweli amalitcha chekasi, kuchokera ku dzina la sitolo ya Checkers, ngakhale lichokere ku sitolo ina. Chofunika n'chakuti mwana adziwe kuti ali ndi mawu awiri osiyana olembedwa mofanana, wina wa Chichewa wina wa Chingerezi, ndipo asawoloke ndi wina kupita naye tsidya linalo. Polemba Chingerezi, "She put the tomatoes in a jumbo" n'cholakwika. Wowerenga wakunja aganiza za ndege.

aJere: Eya, chifukwa pa Chingerezi jumbo likaima lokha ngati dzina, nthawi zambiri ndi Boeing 747. Ndegeyi inauluka koyamba pa 9 Febuluwale 1969, ndipo inayamba kunyamula anthu mu Januwale 1970 ndi kampani ya Pan Am pa ulendo wa New York kupita ku London. Inali yoyamba yokhala ndi tinjira tiwiri pakati pa mipando, yotalika mamita pafupifupi 70, ya mainjini anayi, ndi linunda lija kutsogolo komwe kumakhala oyendetsa. Poyerekeza ndi Boeing 707 yomwe inalipo, inkanyamula anthu oposa kuwirikiza kawiri, ndiye atolankhani anaitcha jumbo jet. Mukuona kuti lamulo la aPhiri lija likugwira: inali yaikulu poyerekeza ndi ndege zinzake. Anapanga 1,574, ndipo yomaliza inaperekedwa ku Atlas Air mu Januwale 2023.

Cholakwika chofala m'nkhani za pa wailesi ndi m'nyuzipepala n'kutcha ndege iliyonse yaikulu jumbo jet. Boeing 737 si jumbo, Boeing 787 si jumbo. Airbus A380, yomwe inayamba ntchito mu 2007 ndi Singapore Airlines ndipo ili ndi nsanjika ziwiri kuyambira kutsogolo mpaka kumchira, anaipatsa dzina lakelake, superjumbo, chifukwa jumbo linali ndi mwini kale.

Nangondo: Kwa ophika makeke, mawuwa ali ndi sikelo yake, si ongokometsera. Ku America mazira amawayeza pa dazeni: large ndi ma ounce 24, extra large 27, jumbo 30. Tikasintha, dzira la large ndi magalamu pafupifupi 57 ndi chikhokhombe chomwe, la jumbo pafupifupi 71. Ku South Africa jumbo ndi dzira loposa magalamu 66, ndipo large kumeneko imayambira pa 51. Ku Britain sagwiritsa ntchito mawuwa pa mazira, lalikulu kwambiri amalitcha very large, kuyambira magalamu 73.

Malangizo ambiri ophikira a pa intaneti akangoti "eggs" amatanthauza large. Ndiye tiwerengere. Keke yofuna mazira 5 a large ikufuna magalamu pafupifupi 285. Mukaika 5 a jumbo ya ku America mwaika 355, ndiye kuti mwawonjezera dzira lathunthu ndi kachidutswa. Madzi amachuluka, keke imatupa msanga mu uvuni kenako imafwafwanthuka pakati ikamazizira, mkati imakhala yonyowa ndi yotanuka ngati labala, ndipo fungo la dzira limamveka. Njira yake: mazira 4 a jumbo alowe m'malo mwa 5 a large. Ngati chiwerengero ndi chaching'ono, dzira limodzi kapena awiri, kusiyanako sikuononga. Koma chodalirika kuposa zonse ndi sikelo. Swani mazira m'mbale, menyani pang'ono, yezani magalamu 50 pa dzira lililonse lomwe malangizo atchula. Mazira a nkhuku zachikuda ndi aang'ono, ndiye kumeneko mumafunika kuwonjezera, osati kuchepetsa.

Chisomo: Ku makompyuta nakonso mawuwa ali ndi nambala. Pa netiweki ya Ethernet, yolumikiza makompyuta ndi mawaya, kaphukusi kamodzi ka data kamanyamula ma byte osapitirira 1,500. Kaphukusi koposa pamenepo kamatchedwa jumbo frame, ndipo ambiri amaika 9,000. Phindu lake n'lakuti fayilo yaikulu imadulidwa m'zidutswa zochepa, ndiye purosesa imapuma. Zimathandiza pakati pa seva ndi makina osungira data m'chipinda chimodzi.

Vuto limabwera munthu akayatsa pa makina amodzi n'kuiwala ena. Chida chilichonse pa njirayo chiyenera kuvomereza: khadi ya netiweki ya seva, switch iliyonse yapakati (bokosi lomwe mawaya a makina amakumaniramo), ndi makina a mbali inayo. Switch imodzi ikatsala pa 1,500 imangotaya timaphukusi tatikulu mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chosokoneza: ping wamba, kauthenga koyesera ngati makina enawo akufikirika, akuyankha, kulowa mu seva kukutheka, koma mukayamba kukopera fayilo yaikulu zimangoima. Poyesa, tumizani ping wamkulu woletsedwa kudulidwa. Pa Windows lembani ping -f -l 8972 kenako adiresi, pa Linux ping -M do -s 8972. Nambala ndi 8972 osati 9000 chifukwa ma byte 28 amapita ku mitu ya kaphukusiko, zizindikiro zokalondolera pa njira: 20 ku mutu wa IP ndipo 8 ku mutu wa ICMP. Akayankha, njira yonse ili bwino. Akakana, yendani switch ndi switch. Ndipo musayatse pa kompyuta ya kunyumba poganiza kuti intaneti ithamanga, chifukwa kunja kwa ofesi yanu njira zambiri zimakhalabe pa 1,500.

aGama: Ku mafakitale a mapepala kulinso jumbo roll, chimpukutu chachikulu chomwe amadulamo timipukutu ta tishu. Ndipo ku America jumbo loan ndi ngongole ya nyumba yopitirira malire omwe Fannie Mae ndi Freddie Mac, mabungwe ogula ngongole za nyumba ku mabanki, amaloledwa kugula. Paliponse ndi chimodzimodzi: pali muyezo wozolowereka, ichi chaudumpha.

Nabanda: Tabwererani ku gawo lachiwiri la funso lija aPhiri. Mwana akaletsedwa jumbo m'chimangirizo, asankhe chiyani?

aPhiri: Asankhe poona dzina lomwe likufotokozedwa, chifukwa afotokozi amenewa aliyense ali ndi anzake oyenda nawo. Huge ndiye wa paliponse, anachokera ku Chifalansa chakale, ndipo amalowa pa nyumba, pa gulu la anthu, pa ngongole, pa vuto. Mwana akakayika atenge ameneyu.

Enormous ndi waulemu pang'ono ndipo amakonda zinthu zosagwirika: enormous pressure, enormous cost. Anachokera ku Chilatini, e kutanthauza kunja, ndi norma, sikweya ya kalipentala. Ndiye kwenikweni ndi chinthu chotuluka mu muyezo. Apa pali msampha. Dzina lakuti enormity, ngakhale likuoneka ngati mwana wa enormous, tanthauzo lake lokhazikika ndi kuipa koopsa kwa chinthu: "the enormity of the crime." Masiku ano ambiri amaligwiritsa ntchito pa kukula, ndipo madikishonale ena anavomereza, koma pali owerenga ndi ochonga omwe amaliona ngati kulakwitsa. Mwana akafuna kunena kukula kwa nyanja alembe "the enormous size" kapena "the vastness," apewe mkangano.

Vast ndi wa zotambasuka: nyanja, chipululu, chigwa. Nyanja ya Malawi ndi vast, si gigantic. Massive ndi wa zolemera ndi zolimba, kuchokera ku mass, ndipo ndi pachibale ndi mawu akuti massif omwe timawaona pa mapu pa Mulanje Massif, pomwe pali Sapitwa wa mamita 3,002. Gigantic anachokera ku Gigantes, zimphona za m'nthano za Agiriki zomwe zinamenyana ndi milungu, ndipo amayenera chinthu choima chomwe ukachiyang'ana umachita kukweza khosi, monga mlambe.

Colossal ali ngati jumbo pa chiyambi, chifukwa naye amakumbutsa chinthu chimodzi chotchuka. Kolossos pa Chigiriki ndi chifanizo chachikulu chosema kapena choumba, ndipo chodziwika koposa chinali Colossus wa ku Rhodes, chifanizo cha mkuwa cha mulungu wa dzuwa Helios, chotalika mamita pafupifupi 33, chomwe chinamalizidwa cha m'ma 280 BC n'kugwa ndi chivomezi patangopita zaka zosakwana 60. Lero mawuwa amakonda kuyenda ndi zoipa: a colossal mistake, a colossal waste of money.

Mammoth ndiye m'bale weniweni wa jumbo, chifukwa nayenso ndi njovu, ija yaubweya yomwe inatha kalekale ndipo mitembo yake imafukulidwa m'nthaka youma ndi chisanu ku Siberia. Mawuwa anadzera m'Chirasha. Anayamba kumveka ngati mfotokozi ku America pamene anthu a ku Cheshire, Massachusetts anapatsa Pulezidenti Thomas Jefferson tchizi cholemera makilogalamu oposa 500 pa 1 Januwale 1802, nyuzipepala n'kuchitcha mammoth cheese. Masiku ano mnzake wapamtima ndi task: a mammoth task, ntchito yoti ukaiona mawondo amazizira.

Humongous ndi ginormous ndi a pocheza ndi a ana, m'mayeso asalowe.

Mwale: Ndipo lamulo la very lija likukhudza onsewa, si choncho?

aPhiri: Ndithu. Big ndi large amalandira very chifukwa ali ndi masitepe. Huge, enormous, gigantic, colossal ali kale pamapeto, ndiye very huge ndi kusenzetsa katundu munthu wosenza kale. Mukafuna kutsindika nenani absolutely huge, truly enormous, kapena really massive. Cholakwikachi chimachokera ku Chichewa, chifukwa ife timatha kuunjika: chachikulu, chachikulu kwambiri, chachikulukulu, chachikulu zedi. Mwana amamasulira "kwambiri" uja n'kumuika paliponse.

Nachisale: Pomasulira kubwera ku Chichewa, chida chathu chabwino ndi mphatikiri chi- ndi zi-: chinyumba, chimwala, chigalimoto, zinyumba. Gigantic tree ndi chimtengo, ndipo mukafuna kuwonjezera mphamvu, chimtengo chadzaoneni. Koma samalani, chi- ameneyu pa munthu amanyoza. Chimunthu, chimutu, chimkazi si mawu oti muike m'nkhani yaulemu. Pa jumbo ya malonda, chi- sagwira bwino chifukwa sanena za masaizi. "Jumbo pack" ndi "paketi yaikulu kuposa zonse," "jumbo eggs" ndi "mazira akuluakulu a saizi yapamwamba." Ndipo womasulira asayerekeze kulemba "paketi ya jumbo" m'chilengezo cha Chichewa, chifukwa mayi aliyense pamsika amva kuti katunduyo ali m'pulasitiki.

Nangondo: Chenjezo kwa ogula: pa mazira pali malamulo a kulemera, koma pa sopo, tishu, mabisiketi ndi zina zambiri jumbo ndi mawu a wogulitsa basi. Werengani magalamu kapena mamililita, gawani mtengo ndi kulemerako, muyerekeze ndi paketi yapakati. Nthawi zina paketi ziwiri zapakati zimatsika mtengo kuposa jumbo imodzi.

Nabanda: Kafunso komaliza ka kalembedwe. Chilembo chachikulu kapena chaching'ono? Nanga kamzere kaja?

aPhiri: Chachikulu pokhapokha mukunena njovu ija kapena dzina la kampani ndi katundu wake. Mfotokozi amalembedwa ndi chaching'ono: jumbo jet, jumbo pack, opanda kamzere pakati. Kamzere kamabwera mukaphatikiza ndi size, monga "a jumbo-sized bottle" kapena "a jumbo-size bottle," onse awiri ndi ololedwa. Likakhala dzina, zambiri zake ndi jumbos, osaika e ngati mu potatoes ndi tomatoes. Poyeserera m'kalasi, apatseni ziganizo izi akonze: "The lake is very jumbo," "He made a jumbo mistake in the exam," "Put the sugar in a small jumbo." Choyamba chikhale "The lake is vast," chachiwiri "He made a colossal mistake" kapena "a huge mistake," chachitatu "Put the sugar in a small plastic bag." Kenako muwapatse chimodzi cholondola kale, monga "The shop sells jumbo eggs," muone amene achisiye osachikhudza.